Ine ndi Apongozi Pansi pa Nairobi

Kwathu ku Dedza mkamwini sayenda njira imodzi ndi apongozi ake aakazi. Mukakumana mwangozi, iwe umapatukira kutchire n'kunjuta, moni n'kumaponyerana chapatali, nkhope zitayang'ana kumbali. Sudya nawo, sukhala nawo pamphasa imodzi, ndipo za kukhudzana ndiye musatchule n'komwe. Anzanga ambiri anazisiya kalekale zimenezi. Apongozi anga sanazisiye, ndipo ine ndinazigwiritsitsa kuposa eni akewo.

Ndinali ndi chifukwa. Sukulu ndinalekera Folomu 2, chuma ndinalibe, pamene mwana wawo anali namwino wa mapepala ake. Pa zonse zimene mkamwini anganyadire pamaso pa apongozi, ine ndinali ndi chimodzi chokha. Ndinachimva ndi makutu anga tsiku lina ndili kuseri kwa nkhokwe, iwo akuuza mnzawo kuti, "Kaya adzadya mabuku akewo kaya, koma mwambo ndiye ali nawo." Mawu amenewo ndinawasunga momwe ena amasungira satifiketi. Kwa zaka khumi ndi chimodzi apongoziwo sindinawayandikire, sindinawayankhule mwachindunji, sindinawakhudze ngakhale nsonga ya mpango.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 tinali ku Nairobi. Mkazi wanga anapeza ntchito pa chipatala china cha mpingo, ine n'kutsatira ngati katundu. Pambuyo pake akuluakulu a kumeneko anandichitira chifundo n'kundipatsa ntchito yolongedza mabuku m'makatoni kunyumba yosungiramo katundu wa mpingowo. Kunali ngati kuika mbuzi m'munda wa chimanga. Buku lililonse lisanalowe m'katoni linkayamba ladutsa m'maso mwanga, ndipo Loweruka ndinkakathera mumsewu, kwa ogulitsa mabuku akale amene amayala pansi. Ndinawerenga za njanji, za Amwenye amene anabwera kudzaimanga, za momwe dambo la achule linasandukira mzinda. Ndinkadziwa mbiri ya misewu imene ndinkasokeramo tsiku ndi tsiku.

Tinkakhala ku Pangani, m'nyumba yosanjikizana, zipinda ziwiri ndi kanjira kopapatiza pakati. Mkazi wanga atatsala pang'ono kuchira mwana wathu wachitatu, apongozi anabwera kudzadikirira. Anthu amene anamanga nyumba imeneyo sanaganizepo za mwambo wa ku Dedza. Ndinaphunzira kutsokomola ndisanatuluke kuchipinda, kuti ngati ali m'kanjira adziwe. Chakudya ndinkadyera pakhonde, pakati pa matewera oyanika, anansi n'kumaganiza kuti ndalakwira akunyumba. Mawu onse ankadutsa mwa mkazi wanga.

"Uwauze abambo kuti madzi atha."

"Muwauze amayi kuti ndamva."

Iye ali pakati, mimba ili apo, n'kumangoti, "Mwamvana kale inu, ndisiyeni ndipume."

Tsiku lina pakhomo la tchalitchi ndinaona pepala. Mayi wina, mphunzitsi wa mbiri yakale amene anapuma ntchito, ankayendetsa anthu Loweruka lililonse m'dera lakale la mzinda, wapansi, n'kumawafotokozera. Kumapeto kwake, pepalalo linati, mudzatsikira m'njira za pansi pa nthaka zimene amalonda akale anakumba. Njira zimenezo ndinali nditaziwerenga m'kabuku kena kopanda chikuto. Ndinaona mwayi woti apongozi aone ndi maso awo kuti mabuku aja amabala kanthu. Ndinakonza zonse m'mutu: iwo kutsogolo, mkazi wanga pakati, ine pambuyo, nzeru zikuyenda kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo.

Tinakumana m'mawa pakona ina m'tauni. Inali nyengo ya mvula, koma tsikulo kunacha bwino. Tinalipo anthu khumi ndi awiri: azungu angapo a makabudula, asisitere awiri, ophunzira a ku yunivesite, ndi ife. Mphunzitsiyo anali wamfupi, wa imvi, wonyamula ambulera kudzanja lina ndi tochi yaikulu kudzanja linalo. Ankayankhula Chingerezi, pena n'kuponyamo Chiswahili, ndipo ankayenda ngati wachedwa ku kalasi.

Za mumsewu sindinena zambiri, chifukwa zimandichititsa manyazi. Akayamba chiganizo ine ndinkachimaliza. Akaloza nyumba, ine ndinali nditanena kale kuti inali ya chiyani. Pa nyumba yachinayi anaima, nandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Mzee," anatero, momwe amaitanira bambo wachikulire kumeneko, "tochiyi ndikupatseni?"

Anthu anaseka. Apongozi anafunsa mwana wawo kuti akuti chiyani. Mkazi wanga, Mulungu amudalitse, anati, "Akuti amadziwa zambiri." Ndinakhala chete mpaka nyumba yachisanu ndi chimodzi.

Chakumasana tinalowa m'sitolo ya nsalu ya Mmwenye wina wokalamba, kumunsi kwa tauni kumene misewu imatsetserekera kumtsinje. Anatidutsitsa kuseri kwa kauntala, n'kusuntha mpukutu wa nsalu, pansi n'kuonekera chitseko cha matabwa. Atachinyamula munatuluka mpweya wozizira wa fungo la chuku. Masitepe ake anali oima njo, ngati makwerero a pankhokwe.

Mphunzitsi anayang'ana mimba ya mkazi wanga n'kupukusa mutu.

"Mama, inu ayi. Sindikufuna kukalandira mwana pansipo."

Mkazi wanga sanatsutse. Anakhala pa mpukutu wa nsalu, mwini sitolo n'kumuitanitsira tiyi. Mlatho wanga unali utakhala pansi.

"Muwauze amayi," ndinatero, "kuti mwina nawonso apume. Masitepewa ndi ovuta."

Apongozi anali akumanga kale chitenje chachiwiri m'chiuno.

"Uwauze abambo kuti sindinachoke ku Dedza kudzaonera nsalu. Nsalu ziliko ku Dedza."

"Mwamva," anatero mkazi wanga, akuuzira tiyi. "Muzikaonana nokha komweko."

Mphunzitsi anatiika pamzere n'kupereka malamulo. Pansipo m'mopapatiza, munthu mmodzi basi. Palibe kupitirirana. Pamene denga latsika, aliyense agwire phewa la amene ali patsogolo pake. Kenaka anandiloza.

"Inu, imani kumbuyo kwa mayi anu. Muziwagwira."

Ndinamukokera pambali. Ndinasonkhanitsa Chingerezi changa chonse cha m'mabuku, chija cha ziganizo zazitali zokhala ndi michira, n'kuyamba kufotokoza za chikhalidwe cha Achewa kuyambira pachiyambi penipeni. Ndisanafike n'komwe pa mfundo anandidula.

"Ndi apongozi anu?"

"Eya."

"Bwanji osangonena? Kwathunso zinaliko. Bambo anga anagwerapo m'munda wa minga pothawa agogo." Anaseka, kenaka n'kuonjeza, "Koma dziwani kuti pansipa palibe tchire."

Anawatenga apongozi n'kuwaika kumbuyo kwake kwenikweni, ine n'kundiika kumapeto. Pakati pathu panali anthu asanu ndi anayi. Ndinaona kuti nkhani yatha bwino, mwinanso kuposa momwe ndinakonzera.

Tinatsika. Choyamba chinali chipinda chachikulu cha njerwa zofiira, denga lake lokhota ngati uvuni wa buledi. M'makoma munali mphete zachitsulo zadzimbiri, ndipo pansi panali mizere ya mawilo a ngolo zamanja. Kumeneko n'kumene amalonda ankasunga shuga, palafini ndi nsalu, kutali ndi dzuwa ndi akuba. Kuchokera m'chipindamo kanjira kankalowa mumdima, kudutsa pansi pa msewu, kukatulukira kunyumba ina yosungiramo katundu tsidya linalo, kuti katundu asanyowe kapena kuonedwa ndi maso ambiri. Zonsezi ndinkazidziwa. Vuto linali lakuti ndinali kumapeto kwa mzere. Mawu a mphunzitsi ankandifika atatha mphamvu, ndipo anga sankafika kulikonse. Mbiri yonse ya malonda a mumzinda uno ndinaifotokozera msana wa sisitere wina wonenepa amene anali patsogolo panga. Ankangoti, "Mmm."

Chimene kabuku kaja sikananene n'chakuti kanjirako kanali ka anthu a kale, oonda ndi ntchito. Mapewa anga ankakhudza makoma onse awiri. Madzi ankadontha m'khosi. Pamwamba pathu maminibasi aja amawatcha kuti matatu akadutsa, nthaka inkanjenjemera, tifumbi n'kumagwera m'tsitsi. Kuwala kwa tochi kunali kutali kutsogolo, ine n'kumangoponda pamene ndamva kuti sisitere waponda. Komabe mtima unali m'malo. Ndinkamva mawu a apongozi chapatali akuti, "Ii, anthu anali ndi nthawi," ndipo ndinkadziwa kuti tikatuluka adzafuna kudziwa zambiri, ndipo wodziwa ndinali ine.

Kenaka mzere unaima.

Uthenga unabwera kuchokera kutsogolo, munthu kuuza mnzake, mpaka kwa sisitere. Mvula ya sabata imeneyo inali itadzaza mbali yotsika ya kanjirako. Madzi anali ofika m'mawondo. Kutsidya sikukanatheka. Tibwerere momwe tadzera.

Ndinaganiza kuti tingotembenuka, ine ndikhale wotsogolera, ndipo kunena zoona ndinayamba kukonza kale zonena. Koma tochi yeniyeni inali imodzi, ndipo mwini wake sankalola kuti wina atsogolere anthu ake mumdima.

"Aliyense atsamire khoma lakumanja!" anafuula. "Ndikudutsa. Mama ali nane, sindiwasiya kumbuyo. Pole pole, pang'onopang'ono."

Ndinaona kuwala kukubwera. Ndinamva anthu akupumira m'kati, nsalu zikukhulana, wina akupepesa, wina akuseka. Podutsana pamenepo panalibe zoti mwina. Munthu ankadutsa mnzake mimba ndi mimba, mphuno ndi mphuno. Ndinawerenga mitu imene inatsala pakati pa ine ndi kuwalako: isanu, inayi. Munthu wanzeru akanangotembenuka n'kuyenda msangamsanga kubwerera kuchipinda chachikulu chija, kumene kunali malo okwanira ngolo. Zimenezi ndinaziganiza patapita masiku atatu. Panthawiyo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chimene miyendo yanga inaphunzira kwa zaka khumi ndi chimodzi: apongozi akubwera, patuka.

Ndinapapasa khoma. Chakumunsi, cha m'mawondo, dzanja linalowa m'malo opanda kanthu. Linali bowo, lalikulu ngati khomo la khola la nkhumba. Sindinafunse kuti ndi la chiyani. Ndinanjuta, n'kulowa chambuyo, mwaulemu wonse, manja nditawaika pamodzi.

Inali ngalande. Pansi pake panali poterera ndipo panatsetsereka. Miyendo inapita yokha, madzi ozizira n'kundifika m'chiuno, ndipo chimene chinandiletsa kupitirira ulendo wa kumtsinje chinali mapewa anga, amene anakakamira pakhomo la bowolo. Ndinatsala mutu ndi manja kunja, thupi lonse m'kati. Ndinayesa kukwera, mapazi n'kumangopalasa matope. Nsapato imodzi inavuka n'kupita. Sindinakuwe. Ndinaona kuti kukuwa pamaso pa apongozi n'kupanda mwambo.

Mphunzitsi anadutsa osandiona. Amene anandiona ndi apongozi, chifukwa anatsala pang'ono kundiponda zala. Anaima. Tochi inabwerera n'kundiwalira kumaso.

"Mungu wangu! Mzee, mukutani mmenemo?"

"Ndikupereka njira," ndinatero.

Tsono onani momwe zinakhalira. Mphunzitsi anali atadutsa kale, ndipo thupi lake laling'ono silikanandinyamula. Ena onse anali kumbuyo kwa apongozi, m'kanjira ka munthu mmodzi. Amene anaima pamaso panga penipeni, amene akanatha kuwerama n'kundigwira, anali munthu mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi amene sankayenera kundigwira.

"Mama, agwireni dzanja! Akokeni!" anatero mphunzitsi.

Apongozi sankamva Chingerezi kapena Chiswahili. Womasulira analipo mmodzi, ali m'ngalande. Ndinayang'ana njerwa ya pafupi ndi mphuno yanga n'kuiuza m'Chichewa kuti, "Akuti amayi apitirire, ena andithandiza."

Apongozi anatembenukira kwa mphunzitsi, mayi wa ku Kenya amene sanamvepo Chichewa chibadwire, n'kunena mofatsa ngati ali pakhomo pawo:

"Amayi, muwauze abambowa kuti bodza si labwino. Ndaona manja anu, mukuti ndiwakoke."

"Anasema nini?" anafunsa mphunzitsi. "Akuti chiyani?"

Ndinalibe kothawira. Ndinamasulira. "Akuti mundiuze kuti bodza si labwino."

Mphunzitsi anayang'ana apongozi, n'kuyang'ana ine. Anali mayi wanzeru, anaigwira nkhani msanga. Anawerama, tochi ili pankhope panga, n'kunena ndi mawu a m'kalasi, "Mzee, bodza si labwino."

Kumbuyo kuja wina anaphulika ndi chiseko, n'kufalikira mzere wonse. Sisitere uja ankaseka mpaka kutsokomola.

"Muwafunse ngati avulala," anatero apongozi.

"Akuti mundifunse ngati ndavulala."

"Mwavulala?"

"Ayi. Muwauze kuti ayi." Ndiye ndinadzimasuliranso ndekha m'Chichewa, ndikuyang'ana njerwa ija. "Akuti sanavulale."

"Muwauze asiye kupalasa, akungodzikwirira."

Uthenga umenewonso unayenda ulendo wake wonse, kuchoka kwa iwo, kudzera mwa ine, kupita kwa mphunzitsi, n'kubwerera kwa ine. Ndinasiya kupalasa. Madzi anali ozizira moti mano anayamba kugundana.

Apongozi anamasula chitenje chapamwamba chija, n'kuchipota ngati chingwe, n'kugwetsa nsonga imodzi patsogolo panga. Sanandiyang'ane. Anayang'ana mphunzitsi.

"Muwauze agwire. Agwiritse, asachite zaulemu."

Ndinagwira. Mtima unakhala pansi pang'ono, chifukwa ndinaona kuti apeza njira: nsalu pakati, manja osakhudzana, mwambo uli chilili. Chimene ndinaiwala n'chakuti mayi ameneyu analima mbatata m'mapiri a Dedza moyo wawo wonse, ndipo ankanyamula thumba lathunthu pamutu popanda wowatwika. Anapondetsa phazi kukhoma n'kukoka kamodzi kokha.

Ndinatuluka ngati mbewa pa una. Mapewa anasupuka, mabatani a jekete n'kuthothoka, ndipo liwiro limene ndinatuluka nalo silinathere pakhomo la ngalande. Ndinapitirira. Ndinagwa chafufumimba, manja n'kufunafuna chogwira monga amachitira manja a munthu aliyense amene akugwa, ndipo chimene anapeza chinali miyendo ya apongozi anga. Ndinaikumbatira yonse iwiri, nkhope yanga ya matope ili pa mapazi awo.

Chiseko chinatha. Ngakhale azungu aja, amene sankadziwa kanthu za Dedza, anamva kuti pachitika chinachake. Ndinachotsa manja ngati ndagwira mbaula. Apongozi anatola chitenje chawo, n'kuchipinda, n'kudutsa.

Ulendo wobwerera sindiukumbuka bwino. Ndikukumbuka phazi limodzi la sokosi likuti phwa, phwa, ndi maganizo amodzi akuzungulira m'mutu: chatha. Chinthu chimodzi chija ndinali nacho ndachisiya m'ngalande pamodzi ndi nsapato. Akafika kumudzi akanena chiyani? Kuti mkamwini wawo, wa mabuku uja, anawagwira miyendo pamaso pa azungu ndi asisitere.

Titatulukira m'sitolo, mkazi wanga anandiyang'ana, kapu ili m'manja. Anayang'ana matope, sokosi, jekete yopanda mabatani.

"Abambo, mwakumana ndi chiyani?"

"Mbiri," anayankha mphunzitsi m'malo mwanga, nandigwira paphewa. "Mzee, mubwerenso. Koma apongozi muziwasiya kunyumba, kapena inuyo muzitsala."

Sisitere anamufotokozera mkazi wanga zonse, ndi manja omwe. Anaseka mpaka mwini sitolo anayamba kuda nkhawa kuti mwana abadwira pa nsalu zake. Koma atayang'ana mayi ake anasiya. Apongozi anali ataima pakhomo, akuyang'ana mumsewu, nkhope yosawerengeka. Matope a manja anga anali akuonekabe pa miyendo yawo.

Tinayenda kupita kokwerera matatu, iwo awiri patsogolo, ine kumbuyo kutali, kuposa momwe mwambo umafunira. Anthu a mu Nairobi sadabwa ndi zambiri, koma munthu wa jekete ndi nsapato imodzi anamupatsa njira. Sindinayerekeze kutumiza mawu opepesa. Ndinalibe mawu ake, m'Chichewa kapena m'mabuku.

Matatu ya ku Pangani inali itatsala pang'ono kudzaza. Kondakitala ataona mimba ya mkazi wanga anatsegula chitseko chakutsogolo n'kumukhazika pafupi ndi dalaivala. Apongozi anawalowetsa kumbuyo. Panatsala malo amodzi, pambali pawo penipeni.

"Mmoja! Mmodzi! Twende, tiyeni, mzee!" anakuwa kondakitala, akumenya denga.

Ndinabwerera m'mbuyo n'kumuuza kuti ndidikira ina.

"Abambo."

Ndinayang'ana kutsogolo, kuganiza kuti ndi mkazi wanga. Iye anali akulimbana ndi zenera.

"Abambo, ndikunena inu. Kwerani."

Anali apongozi. Ankandiyang'ana ine, m'maso, ndipo dzanja lawo linali pa mpando wopanda munthuwo. Aka kanali koyamba kumva mawu awo akubwera kwa ine osadzera kwina.

"Mukufuna mukalowenso pati kuti mundipatse njira? Pansi pa galimoto? Mwana wanga ndi wamng'ono, sindikufuna akhale wamasiye chifukwa cha ulemu. Ndauona, wakwana. Khalani apa."

Ndinakwera. Ndinakhala ndi thako limodzi, linalo lili m'malere, thupi lonse nditalipendeketsa kukhomo. Ndinatambasula khosi n'kuitana mkazi wanga kudutsa mitu ya anthu ndi phokoso la wailesi.

"Amayi a ana! Muwauze amayi kuti zikomo!"

Sanatembenuke n'komwe. "Ali pomwepo. Auzeni nokha."

Ndinayang'ana sokosi yanga. Ndinayang'ana mpando wakutsogolo. Kenaka ndinatembenuza mutu pang'ono, osati wonse.

"Zikomo, amayi."

Mawu anatuluka aang'ono, ngati a mwana wa Sitandade 1.

"Mmm," anatero. "Khalani bwinobwino, mugwa."

Kondakitala anakankha munthu winanso m'kati, monga mwa ntchito yake, ndipo thako lachiwiri lija linapeza malo lokha. Matatu inanyamuka mwaukali n'kukhota, phewa langa la matope n'kugunda lawo. Ndinayamba kudzikoka. Iwo anangotulutsa kansalu m'chikwama n'kundipatsa m'manja, nati ndipukute kumaso tisanafike, ana angandithawe.